Ku Zanzibar na boi wanga: nyanja inali bwino, chikwama ndiye chinatiyambanisa

Bambili mwa imwe mwakhala munifunsa kuti vithunzi va ku Zanzibar vinathela pati. Siku zibili zoyamba tinali kuponya pa Facebook monga tili pa kampeni, ndiye mwazizizi zii. Benangu munafika poganiza kuti foni inagwela mu nyanja. Awe mwandi, foni ilipo, ndiye yamene nilembelapo apa. Chamene chinasala pang'ono kumila ni ubwenzi wa zaka 22.

Nakhala chete myezi yonse iyi chifukwa nkhani si yanga neka. Sabata yatha ninamupempha mwine wake. Ati, "Lemba, koma zina langa usachule, na chithunzi cha ija wigi usaike." So tizamuitana chabe kuti Boi.

Ine na Boi tinazibana mu giledi 5 ku Chilenje. Ndiye ananiphunzisa kuyenda na nsapato za chidendene, ndiye anagona pansi ku chipatala pamene ninabeleka mwana woyamba. Pa gulu yathu Boi ndiye uja wamene amanunkhila bwino, amasebenza mu ofesi ya mu tauni, ndipo bilu ikabwela amaitenga mukali kusakila magalasi mu chikwama. Ine ndine wosiyana. Nili na kabuku. Nikagula tomato ya K5 nilemba. Banzanga bamaniseka, koma pa 20 ya mwezi bonse bamaziba nambala yanga.

Ulendo tinaupangana mu Febuluwale. Tinati mu Disembala, pamene Lusaka yasanduka matika na bana bayenda kuli ambuya babo, ise tizayenda kukaona nyanja yeniyeni, ya manzi ya muchele. Kariba tiiziba, Samfya tinayendako, koma muntu wobadwila mu ziko yamene ilibe gombe amakhala na ka njala kena kake mu mutima. Tinagwilizana kuti aliyense azaika K8,000 mu thumba imozi: sitima, boti, pogona na vakudya. Yanga ninasonkha na chilimba. Pa Intercity, tikalibe na kukwela basi ya ku Kapiri, Boi ananigwila pa phewa. Ati, "Mami, yanga ili mu akaunti, nizatapa tikafika ku Dar. Iwe yamba chabe kulipila, tizawelengelana."

Ninavomela. Zaka 22, ungakane bwanji?

Ngati simunakwelepo TAZARA, kwelani kamozi mukalibe kukalamba. Njanji iyi inamangiwa na thandizo ya China kuyambila mu 1970, pa nthawi ya ba Kaunda na ba Nyerere, kuti mukuba wathu uzifika ku nyanja osapitila kumwela kwamene kunali Ian Smith. Kuchoka pa New Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam ni makilomita 1,860, ndipo mumagona mu sitima usiku ubili. Mu vipinda vogona bakazi bamakhala beka, bamuna beka, pokhapo ngati mwalipila chipinda chonse. Ise tinapezana na amai bena ba ku Mpika bamene banali kuyenda kukaoda katundu, ndipo pofika pa Serenje tinali tadya kale nkhuku yabo. Pa Nakonde na Tunduma mudindisa pasipoti, viza sifunika kuli ise ba Zambia. Mukapita Mbeya sitima imayamba kungena mu mapili na kuchoka, milatho pamwamba pa vigwa, mpaka kusogolo uko mupita mu nkhalango ya nyama. Boi anaona nyamalikiti pa windo, anakuwa mpaka muntu wogulisa tiyi anataya kapu.

Ku Dar, pa makina ya ndalama yoyamba, Boi anachoka ali kupukusa mutu. Ati netiweki. Pa yachibili ati khadi yakana. Ninalipila boti ya bantu babili, ndipo zibani kuti mulendo wochokela kunja amalipila mutengo wina, wa madola, osati wa bene ziko. Ninalemba mu kabuku.

Boti imatenga pafupifupi maola yabili. Pa ola yoyamba Boi anali kujambula, wigi ili kuuluka. Pa ola yachibili tonse tinali chete, aliyense na kapepala kake ka pulasitiki pa kamwa. Kariba siimachita so.

Koma pamene Stone Town inaonekela! Manyumba yoyela yoyimilila mu manzi mwenimweni, maboti ya matanga, nsanja za mizikiti na za machalichi pamozi. Pa doko bamakufunsani futi pasipoti olo kuti muchokela mu Tanzania imozimozi, chifukwa Zanzibar ili na boma yake ya mukati. Inagwilizana na Tanganyika mu 1964, chaka chamene na ise tinatenga ufulu.

Mu tauni yakale motoka siingangene mu njila zambili. Tunjila ni tung'ono, penangu mukatambasula manja mugwila vipupa vonse vibili. Muyenda, mukhota, mukhota futi, mupezeka pa shopu yamene mwachokapo. Ise bana ba Lusaka tinazolobela kuti ukasoba uyang'ana Findeco. Kuja kulibe chakuyang'ana, kumwamba kuoneka chabe kamuzele ka mitambo na nthambo za malaiti. Manyumba yanamangiwa na myala ya mu nyanja na laimu, ndipo kunja kwa nyumba zambili kuli ka benchi ka simenti kamene bamaitana baraza, pamene madala bamakhala na tukapu twa kofi. Viseko ndiye nkhani. Vamatabwa yolema, vosemewa maluba na nyolo, vina vili na misonga ya mukuba monga minga. Boi anaimilila pa chiseko chilichonse. Nikaliwelenga vithunzi va siku ija nipeza viseko 41, ndipo ine nionekela pa vibili chabe.

Kupya kwa kuja mu Disembala si kwa Okutobala wathu. Kwathu zuba imaocha, kuja mphepo yeniyeni ni yonyowa, usamba manje manje, ukavala wanyowa kale. Boi anabwela na tukabudula twa ku gombe, koma bantu bambili ba pa chisumbu ni Asilamu, ndipo mu tauni mukazi amavala mwaulemu, mapewa na makokola vobisika. Kulibe anatikalipila. Amai bena pa shopu banangomuyang'ana Boi kuchoka ku mutu kufika ku mendo, kuyang'ana kwa apongozi, ndipo Boi anachosa yeka chitenge mu chikwama. Kuja bali na yabo yopepuka, ya mau yolembewa mu mbali, bati kanga.

Chiswahili sichinativute monga tinali kuyopela. Nyama ni nyama, nyumba ni nyumba, moto ni moto. Nsima bati ugali, tukapenta bati dagaa. Ukakamba Chinyanja pang'onopang'ono na manja, mumamvelana.

Mazulo bantu bonse bamasonkhana pa Forodhani, paki ya pa mbali ya nyanja. Banyamata bamathamanga na kujumphila mu manzi kuchoka pa chipupa, benangu bali kuyasha mbaula. Kumbuyo kwanu kuli Old Fort, linga yamene Aluya ba ku Oman banamanga cha mu 1700 pambuyo pothamangisa Apwitikizi. Pafupi pake pali House of Wonders ya Sultan Barghash, ya mu 1883, nyumba yoyamba pa chisumbu kukhala na malaiti. Mbali imozi inagwa mu Disembala 2020, so tinaiona chabe kunja. Pa matebulo pali nsomba za mitundu yamene sitiziba na zina, nkhanu zikulu monga mbale, manzi ya nzimbe yofinyila pamenepo na jinja na ndimu. Boi anaitanisa pweza, kaja kanyama ka mendo 8. Ine ninakana. Chintu chamene chili na mendo yambili kuchila nkhuku na mbuzi kuika pamozi, ine awe. Koma ninalipila. Ndalama yabo ni shilingi, ndipo pepala ikulu maningi ni ya 10,000, so ukachinja madola ubwela na mutolo, uzimvela monga bwana. Inanikumbusa kwacha yathu ikalibe kuchosewa maziro mu 2013. Mutolo uja umasila mwamusanga monga mwamene unabwelela.

Siku yachitatu kuseni Boi anauka na mapulani. Boti ya ku Prison Island kukaona fulu zikuluzikulu, kupenta manja na hina, na diresi yoyela yamene anaona ku Gizenga Street. Ine ninakhala pa bedi na kabuku. Sitima, boti, chipinda, pweza, viseko va mafiriji tumagineti, vonse vinachoka mu thumba yanga. Zinasala ndalama zokwanila muntu umozi kufika ku Lusaka, osati babili.

Ninati, "Boi, tiye ku banki lelo. Osati pa makina, mukati mwenimweni."

Ati, "Iwe naiwe, tabwela kupumula olo tabwela ku odit?"

Apo ndiye pamene chinabaya. Sinizalemba vonse vamene tinakambisana chifukwa iyi nyuzi bamabelenga na azibusa. Koma ine ninakamba mau yamene nikali kumvela nayo nsoni. Ninati, "Iwe umakonda kuoneka, kulipila ni benangu." Eve anati, "Na kabuku kako monga ndiwe wa kaloba. Unaniwelengelapo kangati pamene ninali kukulipilila?" Anatenga chikwama, chiseko mbaa. Muzimai wosesa pa khonde anapitiliza kusesa malo yamozi yamene anali atasesa kale.

Ninachoka neka, mutima uli pamwamba, osaziba kwamene niyenda. Tunjila tuja tunanifikisa ku Mkunazini, pa chalichi ikulu ya Anglican. Ninalipila pa geti chifukwa ninali kufuna chabe pokhala pa muthunzi.

Chalichi ija inamangiwa pamene panali musika wa akapolo. Musika unavaliwa mu 1873, ndipo pa Khisimasi ya chaka chamene chija banaika mwala wa maziko. Bishopu Edward Steere, wamene anayang'anila nchito yomanga, anaikiwa kumbuyo kwa guwa. Wotionesa malo anatilangiza kabwalo koyela pansi pafupi na guwa, ati apo ndiye panali mutengo wokwapulilapo bantu. Kunja kuli chimugodi, mukati mwake muli viboliboli visanu va bamuna na bakazi, nyolo mu mikosi. Vinapangiwa na Clara Sörnäs wa ku Sweden mu 1998. Mumaimilila pamwamba, muyang'ana pansi, monga mwamene wogula anali kuyang'anila.

Ku sukulu tinaphunzila ivi kuti tipase mayeso. Kuja ndiye vinanifika mu mafupa. Bambili bamene banagulisiwa pa chisumbu chija banachokela ku madela ya nyanja ya Malawi na kumazulo kwake, bantu bamene banali kukamba vilankhulo monga ichi chamene mubelenga. Mu tauni imozimozi muli nyumba ya Tippu Tip, wamalonda ya minyanga na bantu, wamene mu 1867 anamenyana na mfumu Nsama ya Atabwa na kuigonjesa, kwathu kuno ku Northern Province. Anafela mu Stone Town mu 1905, ali wolemela. Chiseko cha nyumba yake ni chokongola maningi, ndipo nikaganiza, mwina chili pa viseko 41 vija.

Mukati mwa chalichi muli ka mutanda ka matabwa, kang'ono, kosavuta kukapitilila. Wotionesa anafunsa kwamene nachokela. Pamene ninati Zambia anamwetula, ati ndiye bwelani muone chanu. David Livingstone anafela kwa Chitambo mu Meyi 1873. Mutima wake unaikiwa pansi pa mutengo wa mupundu, ndipo banchito bake, Susi na Chuma pamozi na banzabo, bananyamula thupi myezi na myezi pa mendo mpaka ku Bagamoyo, pa gombe. Mutanda uja unasemewa kuchokela ku mutengo wamene uja. Kwa Chitambo ni kufupi na Serenje, pamene ise tinapita usiku tili kudya nkhuku ya bene.

Sinizakunamizani kuti malo yaja yananiphunzisa kukhululuka. Va akapolo ni vikulu maningi, sivingakhale phunzilo ya bakazi babili boyambana pa ndalama ya pweza. Chamene chinachitika ni chaching'ono. Ninatembenuka kuti nikambe, "Boi, ona, mutengo wa ku Serenje," ndipo kumbuyo kwanga kunali muzungu wa chipewa. Kwa zaka 22 chilichonse chodabwisa nimauza eve poyamba.

Ninamupeza mazulo pa Forodhani, ali khale pa chipupa, wigi ili mu chikwama, mutu uli na mikule ya masabata yatatu. Sanagule diresi. Sanadye kuchoka kuseni. Ninagula manzi ya nzimbe makapu yabili, ninakhala pa mbali pake. Tinaona banyamata bojumpha mpaka zuba inangena mu manzi.

Ndiye anakamba, maso yali ku nyanja. Nchito inasila mu Seputembala. Kampani inachepesa bantu, zina yake inali pa pepala. Kuchoka apo anali kuuka 05:00, kusamba, kuvala, kukwela basi kuyenda mu tauni, kukhala mu malo yodyela na botolo imozi ya manzi mpaka 16:00, kuti amai bake na maneba basazibe. Tundalama twamene banamupasa tunayenda ku lendi na ku sukulu ya mwana wa mulongosi wake wamene amasunga. Mu akaunti munali K140. Ndalama ya pasipoti na vovala va ulendo anatenga ya kaloba, firiji yake ndiye chikole.

Ninati, "Nanga sunaniuze chifukwa chani? Sembe tinasiya ulendo."

Ati, "Ndiye chifukwa chake. Unakamba za nyanja chaka chonse. Futi ine nikakhala wopempha, pa gulu nizakhala ndani?"

Ninafuna kukalipa futi, chifukwa boza ni boza, ndipo ananiika pa ngozi mu ziko ya bene. Ivo ninamuuza, ndipo anavomela. Koma na ine kabuku kanga kananigwila. Ine wamene nimaziba mutengo wa anyezi pa Soweto siku iliyonse, sininaone kuti munzanga analeka kuyenda ku saluni, kuti anayamba kukamba "nadya kale" tikakumana, kuti foni yake inali kulila pa 10:00 kumbuyo kuli phokoso ya mabasi osati ya ofesi. Vonse ninaviona. Sininafunse, chifukwa Boi wolipila bilu anali kunikomela na ine.

Usiku uja kabuku tinakasegula babili. Prison Island inafa, hina inafa. Tinachoka mu chipinda cha makina yozizilisa, tinangena cha fani. Tinaleka kudya pamene badyela bazungu, tinayamba kulondola bakazi ba kumeneko ku musika wa Darajani: chapati na nyemba za mukaka wa kokonati kuseni, masana urojo, musuzi wa mango na ndimu wamene bamaikamo mbatata na tuvitumbuwa, pa mutengo wa basi ya ku Chelstone. Tinakwela daladala, minibasi yabo, yofinyana monga yathu, kondakitala nayenso ni mutundu umozi ziko yonse. Tinasamba mu nyanja na vitenge, manzi yofunda monga ya mu beseni ya mwana, ndipo Boi anameza yokwanila kuphikila ndiwo mwezi wonse. Pa siku zija zibili tinajambula vithunzi vinai chabe. Ndiye chifukwa munaona zii.

Imwe bamene mupangana ulendo wa Disembala uno, pa gulu ya WhatsApp ya "Dar na Zanzibar" yamene yayamba na bantu 15 ndipo izasila na batatu: ndalama ikhale pa tebulo mukali mu Lusaka. Osati mu akaunti, osati "nizatapa kusogolo". Muione na maso, muibelenge, ya kubwelela muipatule muiike pa yeka. Ndipo ngati munzanu wayamba kukamba va netiweki, mufunseni muli babili, na mau yapansi, ngati vintu vili bwino ku nyumba. Ine ninafunsa mochedwa, ndipo ninafunsa monga wapolisa.

Pobwelela tinagona usiku umozi mu Dar. Amai baja ba ku Mpika banali batatiuza za Kariakoo, musika wamene bamalonda bathu bambili bamaodako. Titapatula ya sitima na ya basi, panasala tundalama tung'ono. Ninamupasa Boi, ninati uyu ni nkongole, nalemba. Anagula makanga 12. Yabili anagulisa mu sitima tikalibe kufika pa Kasama, yosala yanasila ku chalichi pa Sondo imozi. Wabwelelako kale kabili na basi ya ku Nakonde. Nchito ya mu ofesi akalibe kupeza, firiji anaiombola mu Malichi, ndipo amai bake manje baziba. Banalila, pambuyo pake banatenga makanga yatatu pa nkongole.

Pa K8,000 ija wabweza K3,400. Imabwela pa foni mwa apo na apo, K200, K150, nthawi zina pakati pa usiku. Ya mailo inabwela na uthenga: "Iyi ni ya pweza. Lemba mu kabuku kako, we mfiti."

Nalemba.